Njinga yamoto yaikulu ikayamba kunjenjemera: poyambira kufufuza vuto

[Kamera ili pa galasi la njinga, injini ikulira]

Tayang'anani galasi ili. Galimoto imene ili kumbuyoko simungaizindikire ngati ndi lole kapena minibasi, chifukwa chithunzi chonse chikungovina. Munthu woyenda pa njinga yotere kuchoka ku Lilongwe mpaka ku Blantyre, mtunda wopitirira makilomita 300, amakatsika zala zitachita dzanzi, mapazi akuyabwa. Ndipo si thupi lokha limene limavutika. Mabawuti amamasuka, mababu amapsa msanga, zitsulo zogwira ekizosi zimang'aluka.

Lero tikamba za njinga zikuluzikulu za maulendo ataliatali, monga Harley-Davidson Electra Glide, Road King ndi BMW RT. Koma inu a kabaza musachoke, chifukwa mayeso oyambawa amagwira ntchito ngakhale pa Boxer kapena Lifan.

Chimene chimandiwawa, abale anga, ndi kuona munthu akugula mapulagi, matayala, mpaka kulola kuti injini itsegulidwe, asanadziwe n'komwe ngati chikunjenjemeracho ndi injini. Funso limeneli limayankhidwa ulere, ndi dzanja lamanzere.

[Pamsewu wowongoka wopanda magalimoto]

Pezani msewu wowongoka, wopanda anthu. Thamangani mpaka pa liwiro limene njinga imanjenjemera kwambiri, tinene makilomita 100 pa ola. Kenaka gwirani kalachi, bwezani moto, injini itsike mawu njinga ikuyendabe. Mvetserani m'manja ndi kumapazi. Kunjenjemera kukatha nthawi yomweyo, vuto lili ku injini kapena pa zinthu zoigwira. Kukapitirira, injini ilibe mlandu. Kayang'aneni magudumu: mwina kachitsulo kolinganiza kulemera kwa tayala kanagwa, mwina rimu inapindika pa dzenje, mwina mabering'i atha, kapena tcheni kaya lamba wakumbuyo wathina malo amodzi.

Bwerezani mwa njira ina. Liwiro lomwelo, koma tsitsani giya imodzi. Ngati kunjenjemera kwasintha, ndiye kuti kukutsatira kuzungulira kwa injini. Onani singano ya rpm, yosonyeza liwiro la kuzungulira kwa injini, muloweze nambala imene kwafika poipa. Mukafika kunyumba, ikani njinga pa nyutulo, kwezani moto pang'onopang'ono mpaka pa nambala yomweyo. Kukabwera muli chiimire, mwalipeza dera la vuto, ndipo tsopano mutha kulifufuza manja onse ali omasuka.

Apa tiime kaye, chifukwa pali kugwedezeka kwina kumene njinga inabadwa nako. Injini ya Harley-Davidson ili ndi masilinda awiri otalikirana madigiri 45, ndipo mikono ya mapisitoni onse awiri imagwira pamalo amodzi pa crankshaft, shafiti yaikulu ya injini imene mapisitoni amaizungulitsa. Moto suyaka motalikirana mofanana: wina umadza crankshaft itazungulira madigiri 315, winawo itazungulira 405. N'chifukwa chake imalira modumphadumpha muja. Kuyambira pa FLT Tour Glide ya 1980, kampaniyi inayamba kukhazika injini za njinga zake zapaulendo pa malabala. Zotsatira zake n'zakuti njinga ikaima pa maloboti, injini imavina ndithu mkati mwa fulemu, handulo n'kumagwedezeka, koma mukangonyamuka zonse zimakhazikika. Pa injini ya Milwaukee-Eight, imene inafika ndi njinga za 2017, anawonjezera chitsulo chozungulira mkati chimene chimachotsa pafupifupi 75 peresenti ya kugwedezeka kwa poima, n'kusiya kwinako dala chifukwa eni njingazi amakukonda.

Choncho Harley yovina poima si yodwala. Yodwala ndi imene imakunyerenyetsani m'manja muli pa liwiro, pamene kale inkayenda mwa myaa. Zikatero, nthawi zambiri pali china chake cholimba chimene chalumikiza injini ndi fulemu, labala n'kukhala wopanda ntchito.

[Kamera pansi pa injini, tochi ikuwala pa labala wakutsogolo]

Gwadani, tengani tochi. Uyu ndi labala wakutsogolo amene amanyamula injini. Onani mmene wafwamphukira, ming'alu iyi m'mbali, ndi mmene wanyowera. Oilo ameneyu amadontha posintha fyuluta, ndipo labala akamwa oilo amafewa n'kuphwa. Akaphwa, injini imatsika pang'ono, chitsulo n'kuyamba kukhudza chitsulo chinzake. Fufuzani malo onyezimira, pamene penti wachoka chifukwa chokhulana. Malo amenewo sanama.

Tsatirani paipi ya ekizosi yonse, injini itazizira. Igwedezeni ndi dzanja. Imayenera kuyenda limodzi ndi injini, osagunda fulemu, popondera kapena chitsulo cha chikwama cham'mbali. Bulaketi imodzi yothyoka ikhoza kusokoneza njinga yonse. Yang'ananinso zinthu zimene zinawonjezeredwa pambuyo pogula: zitsulo zoteteza injini ikagwa, popondera pena, chotetezera kunsi. Ngati kunjenjemera kunayamba sabata imene munamangirira chinthu chatsopano, chimasuleni muyesenso.

Pomanga mabawuti a injini, chonde gwiritsani ntchito torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu imene mukumangira, ndi manambala a m'buku la njinga yanu. Kumanga mpaka thukuta si kukonza. Labala womangidwa mopitirira amauma, ndipo womangidwa injini itapendekeka amakhala wokokeka moyo wake wonse. Masulani pang'ono, injini ikhale pamalo pake, kenaka mangani motsatira ndondomeko ya m'bukumo.

Ngati zogwira injini zili bwino, funso lotsatira ndi ili: kodi masilinda onse akugwira ntchito mofanana? Injini ya masilinda awiri ili ngati anthu awiri osinja mu mtondo umodzi. Mmodzi akafooka, kamvekedwe konse kamasokonekera. Chotsani mapulagi, muwaike pamodzi. Onse akhale a mtundu wofanana, wotuwa mofiirira. Imodzi ikakhala yakuda ndi mwaye kapena yonyowa, silinda imeneyo siikuotcha bwino, ndiye onani waya wake ndi koilo. Ikayera mbee, ikulandira mpweya wambiri kuposa mafuta, ndipo kawirikawiri ndi labala wa polowera mpweya amene wang'ambika n'kumayamwa mphepo yapambali.

Mafuta nawonso musawaiwale. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Njinga zazikuluzi zimakhalitsa m'galaja kudikira tsiku la ulendo, madzi n'kumadikha pansi pa thanki. Enanso pa nthawi ya kusowa kwa mafuta amathira a m'zigubu. Ngati vuto linayamba mutangothira mafuta, tsanulani onse, ikani abwino, musanakhudze china chilichonse.

[Njinga ya BMW, mapaipi awiri oonekera mkati olumikizidwa ku masilinda]

Kwa eni BMW za masilinda otuluka m'mbali, nkhani yaikulu ili pano. Mapisitoni ake amatuluka ndi kulowa nthawi imodzi, wina kumanja wina kumanzere, ndiye mphamvu zawo zimathetsana zokha. Koma zimenezi zimadalira kuti mbali zonse zilandire mpweya wofanana. Pa R1100 ndi R1150, mbali iliyonse ili ndi chitseko chake cha mpweya chokokedwa ndi kebulo, ndipo makebulo amatamuka mosiyana. Mbali imodzi ikamatsegula msanga, njinga imanyerenyetsa m'manja pa liwiro la ulendo, nthawi zina n'kumachita ngati ikukoka n'kusiya.

Ntchitoyi ili ndi dongosolo lake. Yambani ndi kuyeza mpata wa mavavu, injini ili yozizira: mamilimita 0.15 kolowera, 0.30 kotulukira. Mukatero tenthetsani injini, lumikizani geji yoyezera mpweya ku mbali zonse ziwiri, linganizani poima, kenaka linganizaninso moto utakwezedwa. Mukayamba ndi geji mavavu asanakonzedwe, mwataya nthawi. Ndipo ikani fani kutsogolo, pakuti injini zimenezi zimaziziritsidwa ndi mphepo ndi oilo, sizifuna kulira nthawi yaitali zili chiimire.

Pali chinanso chimene si vuto la njinga ayi, koma la kayendetsedwe. Harley zapaulendo zinalandira giya yachisanu ndi chimodzi mu 2007, ndipo ambiri amathamangira kuilowetsa liwiro lisanakwane, poganiza kuti akusunga mafuta. Injini imayamba kugunda pansi pa mpando, makamaka pokwera chitunda mutanyamula munthu ndi katundu. Tsitsani giya, injini ipume. Onaninso ngati tizitsulo tolemera ta kumapeto kwa handulo tilipo, popeza ena amatichotsa poika zogwirira zatsopano, osadziwa kuti ntchito yake n'kumeza kunjenjemera.

Tsopano zoopsa zenizeni. Kunjenjemera kukabwera mwadzidzidzi muli paulendo, limodzi ndi kugogoda kwa chitsulo kapena nyali ya oilo, imani pomwepo, zimitsani. Musati ndikafike kaye pa tauni yotsatira. Pa Harley, kugogoda kwa mbali yakumanzere kukhoza kukhala nati ya compensator (chitsulo chochepetsa kugunda kwa mphamvu ya injini) imene yamasuka m'bokosi la tcheni cha pulayimale, chotenga mphamvu ku injini kupita ku kalachi, ndipo imeneyo imakonzeka osatsitsa injini. Tsanulani oilo mu beseni loyera, muunike padzuwa. Tizidutswa tonyezimira tikaoneka, mabering'i a mkati akudyeka.

Chomaliza kuchikayikira ndi crankshaft. Pa injini za Harley zotchedwa Twin Cam, crankshaft ndi zidutswa zopanikizidwa pamodzi, ndipo zikhoza kusuntha pang'ono n'kuyamba kuzungulira mopotoka. Zimenezi sizidziwika ndi khutu. Makaniko amatsegula mbali ya makamu (zitsulo zotsegula mavavu), amaika dial gauge, geji ya singano yoyeza kupotoka, pa nsonga ya shafiti, n'kuzungulitsa injini pang'onopang'ono akuwerenga singano. Akakuuzani kuti injini yonse iphwasulidwe, apempheni mwaulemu kuti akuonetseni nambala imene singanoyo yawerenga, ndi malire amene alembedwa m'buku la njinga yanu, musanavomere mtengo.