Kangaude wa kuseri kwa nyumba

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Lemba lathu m'mawa uno ndi Yohane 7:24, pomwe Yesu akuuza khamu m'kachisi kuti lisaweruze potengera maonekedwe, koma liweruze molungama.

Mukazungulira kuseri kwa nyumba mame asanaume, mwina mupeza ukonde waukulu wozungulira utamangidwa pakati pa zitsamba. Pakati pake pali kangaude wamkulu wa mizere yachikasu ndi yakuda, mutu utaloza pansi. Miyendo yake isanu ndi itatu waiphatikiza iwiriiwiri, moti poyamba mumayesa kuti ndi inayi. Pa ukondewo pamadutsa ulusi woyera, wochindikala, wokhotakhota. Akatswiri amamutcha Argiope. Wamkuluyo ndi wamkazi. Wamwamuna ndi wochepa kwambiri, amangokhala m'mphepete mwa ukonde osaoneka n'komwe.

Ambirife tikamuona timathamangira ndodo. Kukula kwake ndi mawanga owalawo zimatiuza kuti ameneyu ndi woopsa. Chonsecho saluma munthu pokhapokha atafinyidwa, ndipo akaluma, kwa anthu ambiri kupweteka kwake sikuposa kwa njuchi. Tsiku lonse amagwira ntchentche, ziwala ndi tizilombo tina todya masamba m'dimba mwanu. Mukamupha, mwapha mlonda amene simumulipira.

Wofunika kusamala naye sadzionetsera. Amakhala kunsi kwa mpando wosiyidwa panja, m'ndowa yovundikira, pakona pamene tsache silifika. Ndi wamng'ono, wotuwa mofiirira, ukonde wake ndi wosokonekera. Dzina lake ndi Latrodectus geometricus. Kunsi kwa mimba ali ndi chizindikiro chofiirira chothina pakati, koma musavutike kumutembenuza: timatumba ta mazira ake, tozungulira, tokhala ndi timinga pathupi ponse, ndi timene timamuulula. Ululu wake umagwira mitsempha, ndipo wolumidwa ndi bwino apite kuchipatala. Mitundu ya akangaude yodziwika imaposa 50,000, koma yovulaza munthu ndi yochepa zedi, ndipo simungaizindikire poyang'ana kukula.

Anthu a m'kachisi aja anali atakwiya chifukwa Yesu anachiritsa munthu pa Sabata. Ankadabwanso kuti munthu wosaphunzira m'masukulu awo angadziwe bwanji malemba. Anaona lamulo lophwanyidwa, osaona munthu amene anadwala zaka 38 akuyenda ndi miyendo yake. Ngakhale Samueli, mneneri weniweni, ataona msinkhu wa Eliabu, mkulu wake wa Davide, anaganiza kuti wapeza mfumu, mpaka Mulungu anamukumbutsa kuti Iye amayang'ana mumtima (1 Samueli 16:7).

Ifenso timatero. Pali mbale uja wolankhula mosapsatira, amene amakudzudzulani maso ndi maso, mawu ake okwera. Timamutengera ndodo msanga, timamupewa, timamutchula wovuta. Koma amene amatinong'oneza za anzathu mapemphero akatha, mofatsa, akumwetulira, timamuyesa bwenzi la pamtima. Apa tisamalenso: sindikunena kuti ofatsa onse ndi oopsa kapena kuti aphokoso onse ndi abwino. Kutero n'kuweruzanso ndi maonekedwe omwewo, kungowatembenuza. Yesu anati tidzawazindikira ndi zipatso zawo (Mateyu 7:16), ndipo zipatso zimafuna nthawi. Munthuyo akuluka chiyani? Amaluka poyera kapena mumdima? Akachoka pamalo, amasiya anthu akugwirizana kapena akukayikirana?

Funsolo litigwirenso ife eni, chifukwa nafenso tili ndi zimene timaluka pakona, pafoni, usiku.

Tipemphere. Atate, pali anthu amene tinawatengera ndodo tisanawadziwe, ndipo mayina awo mukuwadziwa. Tipatseni mtima wowerama n'kuyang'anitsitsa tisanamenye, ndi kulimba mtima kopita kukapepesa kwa mmodzi wa iwo lero lino. M'dzina la Yesu, Amen.