Kuchokera ku Leeds: mawanga a pamwendo kwa amene anaikidwa impso

Moni abale anga a ku Kasungu, kuyambira pa Boma mpaka ku Santhe ndi ku Chulu. Kuno ku Leeds kwazizira, pofika 4 koloko masana kwada kale. Lero tikambe za anthu amene anaikidwa impso ya munthu wina, chifukwa kwathu aliponso amene anachitidwa opaleshoni imeneyi ku India n'kubwerera kumudzi.

Munthu akaikidwa impso amamwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi moyo wake wonse, kuti thupi lisaikane: tacrolimus, mycophenolate ndi prednisolone, ena azathioprine. Vuto n'lakuti chitetezo chomwecho ndi chimene chinkapondereza mavairasi ogona m'thupi. Chikafooka, amadzuka.

Timapepala ta m'zipatala za kuno timachenjeza makamaka za dzuwa, poti kwa azungu khansa ya pakhungu yotchedwa squamous cell imachuluka kwambiri akaikidwa chiwalo. Analembera khungu lawo. Kwa ife akhungu lakuda, choyamba kuopa ndi khansa ina yotchedwa Kaposi sarcoma. Ambiri kwathu amaidziwa ngati matenda a anthu a HIV, koma chimene chimaiyambitsa ndi kachilombo kena, HHV-8, kamene Yuan Chang ndi Patrick Moore anakatulukira mu 1994. M'Malawi muno, pepani, m'Malawi mwanumo, n'kofala, ndipo ambiri amakatenga ali ana kudzera m'malovu. Kamangokhala phee zaka zambiri. Munthu wopanda HIV, akayamba tacrolimus, Kaposi akhoza kutuluka, nthawi zambiri m'zaka ziwiri zoyambirira.

Pakhungu la mzungu amaoneka ngati mawanga ofiirira, koma pa lathu ndi mawanga akuda bii kuposa khungu lozungulira, nthawi zambiri osapweteka, kumiyendo ndi kumapazi, kapena timatumphu tolimba. Nthawi zina mwendo umayamba ndi kutupa. Yang'anani kamodzi pamwezi, masana pabwalo osati ndi tochi ya foni: pansi pa mapazi, pakati pa zala, m'zikhadabo, m'kamwa makamaka kumwamba ndi m'nkhama. Kumsana akuoneni a kunyumba.

Kachilombo kachiwiri ndi HPV, ka njerewere. Kwa oikidwa impso njerewere zimachuluka ndipo sizimva mankhwala msanga. Za kumaliseche ndi kotulukira chimbudzi ndizo zofunika kuzionetsa, chifukwa pakhungu lakuda khansa imakonda malo obisika otere komanso pa zipsera zakale. Musazidule ndi lezala, musaziwotche. Chilonda chosapola pakatha milungu 4, chotuluka magazi, pitani nacho kuchipatala akadule kachidutswa n'kukayeza. Amayi, kuyezetsa khomo la chiberekero musalumphitse.

Cholakwika chachikulu n'kusiya mankhwala nokha mutaona mawanga. Impso ifa, mubwerera pa dayalisisi, makina osefa magazi aja, ku Kamuzu Central. Dokotala wa impso ndi amene amachepetsa mlingo pang'onopang'ono akuyeza magazi, kapena kusinthira ku mankhwala ena otchedwa sirolimus, ndipo Kaposi amene wagwidwa msanga nthawi zambiri amazilala choncho.

Dzuwa nalonso musalipeputse, makamaka amene mukumwa azathioprine ndi anzathu achialubino. Kumunda wa fodya lawirirani, 10 koloko ikamakwana mukhale pamthunzi. Chipewa cha mlomo waukulu, malaya a manja aatali, mafuta oteteza khungu ku dzuwa olembedwa SPF 50 kumaso, m'makutu ndi kuseri kwa manja, kudzolanso pakatha maola awiri.

Sabata ya mawa tidzakamba za mashingozi. Mafunso tumizani pa WhatsApp monga mwa nthawi zonse.