William Marshal: bambo ake anati "mupheni", iye n'kudzagwira England yense

Moni nonse, mwaswera bwanji? Musasinthe kaye, tamvani izi. Chaka ndi 1152, mfumu Stephen ya ku England yazinga linga la Newbury ndipo m'manja mwake muli kamwana ka zaka 5 kapena 6 komwe bambo ake anakapereka ngati chikole. Bambowo, a John Marshal, aswa pangano. Mfumu yatuma uthenga kuti mwanayu timupachika. Yankho la bambo? Akuti pachikani, nyundo ndi posulira ndikadali nazo, ndisula ena oposa ameneyo. Bambo womubereka ameneyo eti! Mwayi wake Stephen anali wofewa mtima, sanamuphe. Kamwanako ndi William Marshal, ndiye wathu walero. Dinyani laiki tiyambepo.

Choyamba, ubwana, apa tithamange. Sanali mwana woyamba ndiye malo a bambo ake sakanamugwera. Ali ndi zaka 12 kapena 13 anamutumiza ku Normandy, kumpoto kwa France, kwa William de Tancarville, wachibale wa mayi ake, kukaphunzira nkhondo ya pahatchi. 1168 akuperekeza mfumukazi Eleanor wa ku Aquitaine, a banja la Lusignan anawabisalira panjira, malume ake Patrick n'kuphedwa, iye kubayidwa pantchafu n'kugwidwa. Eleanor ndi amene analipira dipo. 1170 wapatsidwa ntchito yophunzitsa nkhondo Henry wamng'ono, mwana wa Eleanor uja ndi mfumu Henry II, yomwe inalowa ufumu wa England Stephen atamwalira. Basi, tapitirira.

Chachiwiri, mipikisano. Apa ndiye ndikhalapo chifukwa bodza ili limanditopetsa heve. Mumafilimu mumaona chani? Asilikali awiri apahatchi, zovala zachitsulo waliwali, pakati pali kampanda, athamangitsana kamodzi ndi mikondo, wina wagwa, kamtsikana pamwamba apo kakugwedeza kansalu. Anthu inu, nthawi ya Marshal zimenezo kunalibe! Kampanda kaja kanadzabwera patapita zaka zoposa 200. Zovala zachitsulo chokhachokha thupi lonse zija nazonso ndi zam'tsogolo, Marshal amavala malaya a timphete tachitsulo tolukanalukana ndi chisoti kumutu.

Mpikisano weniweni unali chipwirikiti. Magulu awiri, anthu mazanamazana, kukumana pabwalo lopanda malire enieni, kuyambira mudzi uno kukafika mudzi winawo, m'minda ya anthu, m'nkhalango, tsiku lonse mpaka dzuwa kulowa. Wa ku Lagny, ku France, mu 1179 akuti kunali apahatchi pafupifupi 3,000. Ndipo cholinga sichinali kusangalatsa atsikana ayi, chinali ndalama. Ukamugwira mnzako hatchi yake ndi yako, zida zake ndi zako, kenako alipire dipo kuti umutaye. Inali geni. Marshal anali ndi kachenjerero kake, amagwira zingwe za hatchi ya mnzake n'kumukoka yense kutuluka naye m'gulu, mwini wake ali pamsana pompo akusowa chochita. Anachita kupangana ndi mnzake Roger de Gaugi kuti zopeza azigawana, pa miyezi 10 yokha anagwira anthu 103, mlembi akulemba ngati kaundula wa pagolosale. Ulemu wake uli pati pamenepo?

Komanso mpingo umadana nazo izi, unaletsa kangapo konse chifukwa anthu amafa. Henry II naye sankalola kuti zizichitika mu England, n'chifukwa chake Marshal, Mngelezi, dzina anakapangira kumpoto kwa France. Pali tsiku lina wapambana, anthu akumusaka kuti amupatse mphoto, osamupeza. Anakamupeza kwa mmisiri wosula zitsulo, wagoneka mutu posulira, mmisiri akumenya ndi nyundo kuti chisoti chivuke poti chinali chitaphwanyikira kumutu. Ndiye wina adzandiuzenso za kansalu. Kunena chilungamo zambirizi zikuchokera m'mbiri yomwe mwana wake analipira munthu kuti alembe, ndiye mchere pang'ono unathiridwamo, koma kachitidwe ka mipikisanoyo ndi kameneko. Amene mumakhulupirira zamufilimu zija lembani mukomenti, sitikusekani. Mwina pang'ono.

Chachitatu, Yerusalemu. Henry wamng'ono anamwalira 1183 asanakwanitse lumbiro lopita kumeneko, Marshal anamutengera chovala chake kukachisiya, anakhalako zaka ngati ziwiri.

Chachinayi, ukwati, koma kaye theka la inu mukuonera musanapange sabusikraibu, ndikukuonani, batani lili pansipo ndi laulere. 1189 Richard wagalukira bambo ake Henry II, akuwathamangitsa kuchokera ku Le Mans. Marshal, yemwe ali kumbali ya Henry II, watembenuka, wakumana ndi Richard maso ndi maso, mkondo uli m'manja. Sanabaye munthu, anabaya hatchi, Richard ali pansi khu! Posakhalitsa Henry wamwalira, yemwe unamugwetsa uja ndiye mfumu tsopano. Inu mukanagona tulo? Koma Richard anaona kuti munthu wosataya mbuye wake ngati uyu ngofunika, anavomereza zomwe Henry II analonjeza zomupatsa Isabel de Clare.

Isabel anali mwana wa Strongbow, mkulu wankhondo yemwe anatenga malo aakulu ku Ireland, mayi ake Aoife anali mwana wa mfumu ya ku Leinster ku Ireland. Isabel zaka ngati 17, Marshal wadutsa 40. Sizinali zofunsirana izi, mfumu ndi imene imagawa ana amasiye achuma ngati malipiro. Munthu wa malo ochepa anadzuka ali mwini Chepstow ku Wales ndi Leinster, 1199 mfumu John, mng'ono wake wa Richard yemwe anamulowa m'malo, n'kumupatsa udindo wa Earl, kapena kuti bwana wamkulu wa dera, wa Pembroke. Koma musamuyese Isabel chidole. Cha m'ma 1207 ndi 1208 John anamutsekereza Marshal kunyumba yachifumu, adani ake ku Ireland n'kuukira, Isabel ali ndi pakati ndi amene anatsala ndi asilikali kumeneko ndipo adaniwo anagonja. Ana anabereka 10, amuna 5 akazi 5.

Chachisanu, nthawi yatithera. John wamwalira 1216, wasiya Henry III wa zaka 9, theka la dziko lili ndi Louis, mwana wa mfumu ya ku France. Akuluakulu anasankha Marshal kuti agwirizire ufumu, iye n'kutulutsanso Magna Carta, chikalata chochepetsa mphamvu za mfumu, ndi chidindo chake. Pa 20 May 1217 ku Lincoln gogo wa zaka ngati 70 analowa yekha kutsogolo kwa nkhondo, akuti chifukwa cha phuma anatsala pang'ono kuiwala chisoti mpaka mnyamata wake kumukumbutsa. Anapambana. Anamwalira pa 14 May 1219 ku Caversham, manda ake ali ku Temple Church mu London, a ku UK inu pitani mukationere mutitumizire zithunzi. Isabel anatsatira chaka chotsatira.

Ana aamuna 5 aja onse anamwalira osasiya wolowa m'malo, pofika 1245 chuma chonse chinagawidwa kumbali ya ana aakazi, ndipo mkangano wake ndi vidiyo payokha. Mukaifuna lembani "gawo 2" mukomenti, sheyani iyi pamagulupu a WhatsApp, tionana Lachisanu.