Nambala ya chipatala ndi buku lanu la kuchipatala

Zikomo a Gulupu, mafumu, mashehe, abusa, amayi ndi abambo nonse.

Zipatala za m'dziko muno, kaya za boma, kaya za CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, monga St Martin's ku Malindi, zimalembedwa m'kaundula mmodzi wa Unduna wa Zaumoyo wotchedwa Master Health Facility Registry, ndipo chilichonse chili ndi nambala yakeyake. Mwina mukuti dzina silikwana? Silikwana ayi. Wina alemba Mpondasi, wina Mpondas, wina angoti Mponda. Ife tonse tikudziwa kuti ndi pamodzi pomwepo, koma kompyuta imaona zipatala zitatu.

Mwezi ukatha, chiwerengero cha odwala malungo chimalowetsedwa mu DHIS2, pamene cha mankhwala otsala m'sitolo chimapita mu OpenLMIS. Awa ndi mabuku awiri osiyana a pakompyuta, ndipo chowalumikiza ndi nambala ya chipatala ija. Ikagwirizana, a ku ofesi ya zaumoyo pa boma amaona msanga kuti odwala anali angati, LA, mankhwala a malungo aja, anatuluka wochuluka bwanji. Ikasokonekera, odwala a kuno amawerengedwa kwina, kenaka mankhwala amabwera ochepa mvula ili pakati.

Ogwira ntchito nawonso ali ndi manambala: anamwino ndi azamba ku Nurses and Midwives Council, madokotala ku Medical Council of Malawi. Mayina amafanana, manambala ayi.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna asodzi mumvetsetse. Munthu amalandira ma ARV ku Makanjira, usipa wagwa ku Monkey Bay, iye ulendo. Mankhwala atha, buku lake la kuchipatala analisiya kunyumba, manyazi amugwira, ndiye akayezetsanso ngati woyamba kumene. Taonani zomwe zachitika: ku Makanjira amulemba kuti anasiya mankhwala, alangizi akuvutika kumufunafuna m'midzi, ku Monkey Bay amupatsa nambala yatsopano yolandirira ma ARV. Munthu mmodzi wasanduka awiri. Chodetsa nkhawa kwambiri n'chakuti amene akumuona tsopano sakudziwa mankhwala amene ankamwa, ngakhale zotsatira za magazi ake.

Chonde, musananyamuke pitani mukanene kuchipatala kumene mumalandira mankhwala, akupatseni kalata yosamukira. Buku lanu likulungeni m'pepala la pulasitiki, m'boti mumanyowa. Likadzaza musalitaye, limangeni pamodzi ndi latsopano. Ndipo mukathandizidwa, musanatuluke m'chipinda, yang'anani ngati alemba tsiku ndi kusaina. Ngati kuwerenga kumavuta, afunseni akuwerengereni.