Kodi Mwakonzeka Kusiya Ntchito Imene Mukugwira?

Moni kwa nonse amene mukuonera. Mu vidiyo ino tikambirana funso limene anthu ambiri amalisunga mumtima kwa miyezi kapena zaka osauza munthu: kodi nthawi yoti ndisiye ntchitoyi yakwana? Mtima wofuna kuchoka umabwera msanga, mwina tsiku limene abwana akukalipirani pamaso pa anzanu. Kukonzeka kuchoka kumatenga nthawi, ndipo kumaonekera pa zinthu zimene mungathe kuzilemba papepala n'kuziwerenga mutakhazikika.

Tiyambe ndi kudziwa chenicheni chimene chikukusowetsani mtendere. Mu 1959, katswiri wa za maganizo a anthu, Frederick Herzberg, pamodzi ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita pakati pa mainjiniya ndi akatswiri owerengera ndalama pafupifupi 200 a m'dera la Pittsburgh ku America. Anawafunsa za nthawi imene ankasangalala kwambiri ndi ntchito yawo komanso nthawi imene ankanyansidwa nayo. Anapeza kuti zodandaulitsa zambiri zinali zozungulira ntchitoyo, monga malamulo a kampani, kachitidwe ka oyang'anira, malo ogwirira ntchito ndi malipiro, pamene zosangalatsa zinali za ntchito yeniyeniyo, monga kuchita bwino, kuyamikiridwa, kupatsidwa udindo ndi kukwezedwa. Akatswiri ena atsutsapo mbali zina za ganizo limeneli, koma kwa munthu amene akuganiza zochoka ndi lothandiza kwambiri, chifukwa limamukakamiza kusankha pakati pa mayankho awiri. Ngati ntchito yanu mumaikonda koma vuto ndi bwana, nthawi yoweruka kapena malipiro, mwina chofunika ndi kusamukira ku nthambi ina kapena kukagwira ntchito yomweyo kwa olemba ntchito ena. Koma ngati ntchito yeniyeniyo ndiyo yakutopetsani, kusintha kampani kudzangokusangalatsani miyezi yoyambirira, kenako mudzapezanso zomwe munathawa zija.

Njira yodziwira zimenezi ndi yosavuta. Kwa mwezi wathunthu, madzulo alionse mukaweruka, lembani mzere umodzi wa chimene chakupwetekani tsiku limenelo ndi umodzi wa chimene chakusangalatsani. Mwezi ukatha, werengani zonse. Mukapeza kuti dzina la munthu mmodzi likubwerezedwa pafupifupi pa tsamba lililonse, ndiye kuti vuto lanu ladziwika, ndipo musanalembe kalata yosiyira ntchito ndi bwino kuyamba mwapempha kuti zinthu zisinthe. Ambiri amachoka asanapemphe chilichonse, chifukwa choganiziratu kuti akanidwa.

Pali kutopa kwina koyenera kukusamalira mwapadera. Mu 2019, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linafotokoza kutopa kwambiri kobwera chifukwa cha kupanikizika kwa nthawi yaitali kuntchito, ndipo linatchula zizindikiro zitatu: kutheratu mphamvu, kutaya chidwi ndi ntchito mpaka kumaiona ngati yopanda pake, ndi kulephera kugwira ntchito bwino monga kale. Munthu wotopa chonchi amaona ngati khomo lotulukira ndi limodzi lokha, choncho ndi nzeru kutenga tchuthi kaye ndi kuonana ndi dokotala, kuti chisankho chachikulu chisapangidwe ndi mutu umene sunagone bwino kwa milungu ingapo. Koma ngati pamalopo pali nkhanza, kuzunzidwa kapena kukakamizidwa kuphwanya malamulo, kudikira kuti zonse zikhale m'malo kungakuonongereni zambiri kuposa kuchoka.

Tsopano tibwere ku ndalama, pamene pagona nkhani. Alangizi a za chuma kawirikawiri amati munthu azikhala ndi ndalama zosunga zokwanira miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Chiwerengerochi chimayezedwa ndi zimene mumagwiritsa ntchito pamwezi, osati malipiro anu. Tengani sitetimenti ya ku banki ya miyezi itatu yapitayi, ndipo chongani zinthu zimene simungaleke kulipira ngakhale mutakhala pakhomo: lendi, chakudya, magetsi ndi madzi, mankhwala, sukulu ya ana, kubweza ngongole, komanso thandizo limene mumapereka kwa anthu okudalirani. Phatikizani zonsezo n'kuzigawa patatu kuti mupeze za mwezi umodzi, kenako gawani ndalama zimene mwasunga ndi chiwerengero chimenecho. Yankho lake ndi miyezi imene mungakhale osalandira malipiro. Mukapeza miyezi iwiri, pamene anthu a luso ngati lanu akumatha theka la chaka akufunafuna ntchito, ndiye kuti simunakonzeke, ngakhale mtima utatsimikiza chotani. Amene akuchoka kuti akayambe bizinesi afunika miyezi yochulukirapo, ndipo mpamba wa bizinesi usawerengedwe pamodzi ndi ndalama za pakhomo, chifukwa ndalama imodzi singagwire ntchito ziwiri.

Musaiwale zinthu zimene abwana amakulipirirani inu osaziona, monga inshuwalansi ya kuchipatala, gawo lawo la penshoni, mwinanso foni kapena galimoto. Tsiku limene mwachoka, zambiri mwa izi zimathera pomwepo. M'mayiko ambiri, wosiya ntchito mwa kufuna kwake salandira ndalama zimene amalandira munthu wochotsedwa chifukwa cha kuchepetsa antchito, motero ngati pamalopo pakumveka zoti achepetsa anthu, kuthamangira kuchoka kungakutayitseni ndalama zambiri. Tulutsani kontrakiti yanu muiwerenge modekha. Onani kutalika kwa notisi, zimene zimachitika ndi masiku a tchuthi amene simunapite, ngati mudzabweze ndalama za maphunziro amene kampani inakulipirirani, komanso ngati munasainira kuti simudzagwira ntchito kwa opikisana nawo kwa nthawi inayake.

Ena mwa inu munawerenga kale zonsezi, ndalama zilipo, koma mwakhala mukuzengereza kwa chaka. Katswiri wa za chuma wa pa yunivesite ya Chicago, Steven Levitt, anachita kafukufuku wachilendo: anthu amene ankakayikakayika pa zosankha zikuluzikulu, monga kusiya ntchito, ankaponya kakobili pa intaneti kuti kawauze kusintha kapena kukhala momwemo. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, amene anasintha ananena kuti ndi osangalala kuposa amene anakhala. Sitikunena kuti muponye kakobili, ndipo dziwani kuti anthu amenewa anali oti mbali zonse ziwiri ankaziona zofanana. Komabe zikusonyeza kuti mantha amachititsa ambiri kukhalitsa pamalo mopitirira muyeso. Zaka zimene mwagwira kale sizingabwerere kaya mukhale kaya muchoke, choncho zisakhale chifukwa chokhalirabe.

Mukatsimikiza, samalani ndi ndondomeko yake. Lonjezo la pakamwa la ntchito yatsopano lisakuchititseni kupereka notisi. Dikirani kalata yolembedwa yotchula malipiro ndi tsiku loyambira. Uzani abwana anu pamaso musanauze anzanu, ndipo kalata yosiyira ntchito ikhale yaifupi, yotchula tsiku lomaliza, yopanda madandaulo, popeza anthu omwewo ndiwo adzafunsidwe za inu m'tsogolo. Akakulonjezani kukweza malipiro kuti mukhale, bwererani ku zimene munalemba mwezi uja, muone ngati vuto linali ndalama. Ndipo musanabweze makiyi ndi kompyuta, pemphani kalata yotsimikizira zaka zimene mwagwira ntchito pamalopo pamodzi ndi mapepala anu a penshoni ndi a msonkho.