Mawu a M'mawa: "Dzina lako ndani?"

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo. Lero tiwerenge Genesis 32:22-32.

Usiku umene Yakobo anatsala yekha pa mtsinje wa Yaboki, nzeru zake zonse anali atazigwiritsa kale ntchito. Amithenga anali atabwerako ndi uthenga woti Esau akubwera ndi amuna 400. Yakobo anagawa anthu ake ndi ziweto m'magulu awiri, kuti gulu lina likakanthidwa linalo lipulumuke. Kenako anapatula mphatso: mbuzi zazikazi 200 ndi atonde 20, nkhosa zazikazi 200 ndi zamphongo 20, ngamira zoyamwitsa 30 pamodzi ndi ana ake, ng'ombe zazikazi 40 ndi nkhunzi 10, abulu aakazi 20 ndi aamuna 10. Zonse pamodzi ziweto 550, osawerengera ana a ngamira. Anazitumiza gulu ndi gulu, motalikirana, kuti mtima wa mkulu wake uzifewa pang'onopang'ono. Akazi, ana ndi katundu anawolotsa. Iye anatsala tsidya lino, alibenso pobisala.

Munthu wina analimbana naye mpaka m'mbandakucha, namugwira pantchafu mpaka kuguluka. Yakobo anakakamirabe, akuti sindikusiyani musanandidalitse. Apo ndi pamene funso linabwera: "Dzina lako ndani?"

Funsoli silinali lachilendo kwa iye. Zaka 20 m'mbuyomo bambo ake Isake, maso atachita khungu, anamufunsa kuti, "Ndiwe yani, mwana wanga?" Iye, atavala zovala za mkulu wake, zikopa za mbuzi zili m'manja ndi m'khosi, anayankha kuti, "Ndine Esau." Madalitso anawalandira ndithu, koma m'dzina la mwini. Zotsatira zake zinali kuthawa kwawo ndi kukatumikira malume ake Labani zaka 20, komwe nayenso anamupusitsa pa nkhani ya Leya. Pa Yaboki anayankha liwu limodzi lokha: "Yakobo." Dzinali analipatsidwa chifukwa anabadwa atagwira chidendene cha mkulu wake, ndipo Esau analimasulira mowawa mtima kuti munthuyu wandinyenga kawiri. Kulitchula kunali kuvomera mlandu. Dzina la Israyeli linabwera iye atavomera, osati asanavomere.

Ife nkhani ya dzina sitiimva ngati yakutali. Kumudzi khanda silitchulidwa dzina tsiku lobadwa. Amadikira mchombo ugwe, mayi ndi mwana atuluke m'chikuta. Ndipo dzinalo nthawi zambiri limanena za akuluakulu, osati za mwanayo. Mavuto, Masautso, Misozi, Maliro: amenewa amakumbutsa zomwe banja linkadutsamo chaka chimenecho. Mwandida, Ndaziona, Lekani: amenewa ndi makalata opita kwa achibale kapena oyandikana nawo nyumba. Mwana sanaputepo munthu, koma wasenzetsedwa mkangano wa eni ake. Akakula n'kulowa chinamwali amalandira dzina lina, ndipo kumutchula la paubwana ndi mwano woti akulu angakukhalire pansi. Pali mfunda, a Phiri, a Banda, Nambewe, Nabanda. Akabereka amasanduka amake Chisomo kapena bambo a Chisomo, mpaka anthu ena amafika pomwalira anzawo apamudzi osadziwa dzina lawo lenileni, n'kukalimva koyamba powerenga mbiri pamaliro. Onjezanipo la ubatizo, la kuntchito, la pachitupa, ndi lija anakupatsani anzanu kupulayimale lomwe simufuna ana anu alimve. Munthu mmodzi, mayina asanu ndi limodzi kapena kuposa. Nanga inuyo ndi uti?

Makolo anayankha kuti kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. John Mbiti wa ku Kenya analemba mfundo yomweyo mu 1969, kuti ine ndilipo chifukwa ife tilipo. Ifeanyi Menkiti wa ku Nigeria anapita nayo patali, nati umunthu sabadwa nawo, munthu amachita kuupeza pokhala bwino ndi anzake, ndipo akhoza kulephera kuupeza. Chilankhulo chathu chimamuvomereza: wina akasamala ana amasiye timati "uyu ndiye munthu," wina akatchingira mnzake madzi a kudimba timati "alibe umunthu." Koma Kwame Gyekye wa ku Ghana anakana kuti mudzi ndiwo umapereka zonse, nati pali ulemu womwe munthu ali nawo mudzi usanamuyeze. Apa ndikuona kuti Gyekye anaponda pamwala. Mudzi umene umalera ndi womwewo umene umatchula mayi wosabereka mayina oti sitingawalembe pano, umene umati "mkaidi uja" kwa munthu amene anamaliza chilango chake kalekale. Choncho liwu loti munthu lili ndi mbali ziwiri. Pali umunthu wa khalidwe, umene umakula kapena kufota malinga ndi zochita zathu. Pali umunthu wa pa Genesis 1:27, chifanizo cha Mulungu, umene sunaperekedwe ndi mudzi ndipo mudzi sungaulande.

Mbali yachiwiriyi si nkhani ya m'kalasi chabe. John Locke wa ku England ankaphunzitsa kuti chimene chimakupangitsa kukhala munthu yemweyo wa dzulo ndi kukumbukira zomwe unachita. Nanga agogo amene ayamba kuiwala mayina a ana awo, amene amatuluka usiku n'kusochera panjira ya kuchigayo yomwe ayendamo zaka 50? Amenewo ndi matenda a ubongo obwera ndi ukalamba, koma m'midzi yambiri dzina limene amalandira ndi loti mfiti, ndipo ena amenyedwa ngakhale kuphedwa chifukwa cha dzina limeneli. Agogowo akadziiwala, ife ndi amene tiyenera kuwakumbukira kuti ndi ndani. Yesaya 49:16 akuti Mulungu anatilemba pa zikhato zake. Kukumbukirako ndi kwa Iye.

Tsono mayina a anthu amalowa bwanji mumtima? Charles Horton Cooley wa ku America anafotokoza mu 1902 kuti timadziona mwa anzathu ngati pagalasi, ndipo zimachitika m'magawo atatu: ndimaganizira mmene ndikuonekera kwa mnzanga, ndimaganizira mmene akundiweruzira, kenako ndimamva kunyada kapena manyazi. Onani pamene pagona vuto. Magawo awiri oyambawo ndi ongoganizira. Mayi wafika pamjigo, waika ndowa pamzere, wapereka moni, mnzake wayankha ndi mphuno osacheuka. Pobwerera, ndowa ili pamutu, mlandu waweruzidwa kale: "Amva za ngongole ya kubanki m'khonde ija. Andiyesa wakuba." Pofika pakhomo akukalipira ana. Chonsecho mnzake uja wagona osatseka maso, mwana akutentha thupi. Galasi linanama, koma manyazi amene anabwera ndi enieni, ndipo akabwerezedwa kwa miyezi amasanduka dzina.

Nachi chochita, chofuna mphindi 15, pepala ndi cholembera. Lembani mayina amene mumadzitchula mumtima, osapitirira khumi. Osati a pachitupa, koma aja amabwera mukalakwitsa kapena mukagona chagada usiku: wolephera, mbuli, wosiyidwa, chidakwa, wamphamvu wa banja lonse. Abwino omwe alembeni. Pambali pa lililonse yankhani mafunso atatu: analiyamba ndani, zinali liti, ndipo chinachitika n'chiyani kwenikweni? Yankho likhale la tsiku ndi malo. "Aliyense amatero" si yankho. Kawirikawiri mudzapeza kuti "aliyense" ndi anthu awiri, ndipo mmodzi wa iwo anamwalira kale.

Mukatero agaweni milu itatu. Mulu woyamba ndi mayina a udindo: mphunzitsi, mkulu wa mpingo, mayi wa mvano, bwana, mkazi wa uje. Ndi abwino, koma ndi obwereka. Ntchito imatha, ana amakwatiwa, chisankho cha pampingo chimabwera. Muyeso wake ndi uwu: lifufuteni ndi chala n'kudzifunsa ngati mungadzukebe mawa n'kupereka moni kwa anthu. Amene anaika moyo wonse pa dzina limodzi la mulu uwu ndi aja amadwala chaka choyamba atapuma pantchito.

Mulu wachiwiri ndi mayina a zomwe munachitadi. Amenewa musawakane, koma asintheni kalembedwe. "Ndine wakuba" ikhale "ndinatenga K40,000 ya gulu mwezi wa Meyi ndipo sindinabweze." Chiganizo choyamba chilibe khomo lotulukira, chachiwiri chili ndi mwini ndalama, kuchuluka kwake, ndi tsiku loti mungayambe kubweza. Zakeyu pa Luka 19:8 sanangolira, anatchula masamu: theka la chuma kwa osauka, ndi kubweza kanayi kwa amene anawabera.

Mulu wachitatu ndi mayina a mabala, amene anachokera mu ululu kapena nkhanza za wina: mwana wapathengo, watsoka, wopanda pake. Amenewa salapidwa, chifukwa simunalakwe. Amabwezedwa kwa eni ake. Yabezi, pa 1 Mbiri 4:9-10, anatchulidwa dzina la zowawa chifukwa cha zomwe mayi ake anamva pobereka. Iye anapemphera kuti zowawazo zisamutsate, ndipo Mulungu anamupatsa chimene anapempha. Dzina silinasinthe, koma linaleka kumulamulira.

Pamene anthu ambiri amaphonya ndi posokoneza mulu wachiwiri ndi wachitatu. Wina amatenga zomwe anachitadi n'kuziponya kwa "adani anga akundinamizira," n'kumasala kudya kuti Mulungu atseke pakamwa anthu amene akunena zoona. Yakobo akadatero akadawoloka Yaboki ali Yakobo yemweyo. Wina, makamaka amene anachitidwa nkhanza ali mwana, amatenga bala n'kumalilapa ngati tchimo chaka ndi chaka, osapeza mtendere, chifukwa palibe choti akhululukidwe pamenepo. Ngati simukutha kusiyanitsa, onetsani pepalalo kwa munthu mmodzi wokhwima maganizo amene sakuopani komanso sadzakalengeza kumsika. Pano ndi pamene mwambi wa kali kokha uja umagwira ntchito yake yabwino.

Kuphonya kwina ndi kudzipangira dzina latsopano osataya lakale. Pa Facebook ndinu wina, kumpingo wina, kunyumba ana amathawira kuchipinda akamva mapazi anu. Mapanga awiri avumbwitsa. Erik Erikson, katswiri wa za maganizo amene anatchukitsa nkhani ya kusokonezeka kwa achinyamata pofuna kudziwa kuti iwo ndi ndani, sanawadziwe bambo ake omubereka. Anakula ndi dzina la bambo omupeza, Homburger, ndipo atakhala nzika ya America anadzitcha Erikson. Iye ankaphunzitsa kuti kudzidziwa kumakhazikika pamene mmene ukudzionera mkati zikugwirizana ndi mmene anthu okudziwa akukuonera. Dzina longovala pakhomo potuluka silifika pamenepo.

Musayembekezerenso kuti zitha usiku umodzi. Baibulo likupitirizabe kumutchula Yakobo m'machaputala otsatira, ndipo Mulungu polankhula ndi Mose pa Eksodo 3:6 akudzitcha Mulungu wa Abrahamu, wa Isake ndi wa Yakobo. Sanachite nalo manyazi dzina lakalelo. Dzuwa linamutulukira Yakobo akutsimphina, ndipo anakakumana ndi Esau akutsimphina choncho. Bwerezani pepala lija kamodzi pa sabata kwa mwezi wathunthu, ndipo m'mawa uliwonse werengani mokweza Yesaya 43:1, pamene Mulungu akuti usaope, ndakuombola, ndakutchula dzina lako, ndiwe wanga. Onani kuti vesili likulankhula kwa Yakobo ndi Israyeli, mayina onse awiri m'chiganizo chimodzi.

Chenjezo limodzi lofunika. Ngati mawu oti "ndine wachabechabe" akhala nanu tsiku ndi tsiku kwa masabata awiri kapena kuposa, tulo tasowa, chakudya sichikulowa, zomwe munkakonda sizikukomanso, kapena mwayamba kuganiza zodzipha, pepala lokha silikwanira. Uzani munthu lero lomwe ndipo pitani kuchipatala. Amenewo ndi matenda, ali ndi chithandizo, ndipo kupita kuchipatala sikuchotsa pemphero.

Patsogolo pa nkhani ya Yakobo, pa Genesis 35:16-18, mkazi wake Rakele anavutika pobereka panjira ya ku Efrata. Moyo ukuchoka, anatcha mwanayo Benoni, kutanthauza mwana wa chisoni changa. Yakobo, mkazi amene ankamukonda ali gone pamenepo, anakana dzinalo namutcha Benjamini, mwana wa dzanja lamanja. Posachedwapa muyamba kudzutsa ana kuti asambe apite kusukulu, wina wakodza pamphasa, wina wataya cholembera kachitatu sabata ino. Mvetserani mayina amene atuluke pakamwa panu phala lisanapse.