Mpheta yachisanu ija ya mbasela

Mwaswera bwanji omvera athu kuno ku Lusaka ndi madera ozungulira. Kalata yoyamba lero yachokera kwa mayi wina wa ku Kanyama, wapempha kuti tisatchule dzina. Akuti:

"Ine ndimagulitsa tomato ku Soweto Market. Giredi 12 sindinakhoze. Kutchalitchi kwathu amayi ogwira ntchito m'maofesi ndi amene amapatsidwa maudindo, ife timangokolopa ndi kutsuka mbale pakakhala phwando. Nthawi ya mvula ndimafika nsapato zili matope okhaokha, ndiye ndimakhala kumbuyo kwenikweni. Ndayamba kudziona ngati munthu wopanda pake. Kodi Mulungu amandiwerengera?"

Mayi, zikomo potikhulupirira. Matope a ku Kanyama tonse tikuwadziwa, madzi akasefukira sasankha nsapato ya munthu. Koma ndiyambe ndi nkhani ya pamsika, poti kumeneko ndinu aphunzitsi anga. Pa Mateyu 10:29 Yesu akunena za mpheta ziwiri zogulitsidwa kakobiri kamodzi. Pa Luka 12:6 akunena za mpheta zisanu pa timakobiri tiwiri. Werengerani bwino: timakobiri tiwiri timayenera kugula mpheta zinayi. Nanga yachisanuyo yachokera kuti? Ndi mbasela! Ndi tomato uja mumaponyera kasitomala m'pulasitiki osamuwerengera ndalama. Ndiye Yesu akuti ngakhale imodzi mwa zisanuzo Mulungu saiiwala, yopanda mtengo ija ili momwemo, ndipo akuwonjeza kuti inu mumaposa mpheta zambiri.

Za mipando ya kumbuyo, mlanduwo suli kwa inu. Yakobo, pa mutu 2, anadzudzula mpingo umene umakhazika pamalo abwino munthu wa mphete yagolide, wosauka n'kumuuza kuti aimirire uko kapena akhale pansi. Anati kumeneko n'kukondera. Abusa ndi akulu a mpingo amene mukumvera pulogalamu ino, dziko lathu linalengezedwa kuti ndi lachikhristu mu Disembala 1991, koma m'matchalitchi ena tikuyezabe munthu poona galimoto imene waimika panja. Ine zimandinyansa, ndinene poyera.

Ngati satifiketi ikukuwawanibe mumtima, mayeso a GCE alipo, a ECZ, bungwe loyendetsa mayeso, amalembetsa ngakhale akuluakulu amene anasiya sukulu kalekale. Kalembeni ngati mukufuna, koma musalembe kuti Mulungu ayambe kukukondani. Mayi wodzuka mbandakucha kukapikula katundu, kuwerengera phindu pamtima, n'kudyetsa ana, si mbuli ayi.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo wina wa ku Matero, ndipo ndi yaifupi: "Nkhani zodziona wofunikazi si kunyada kodi? Paulo anati munthu asadziyese woposa mmene alili."

Bambo, mwatchula Aroma 12:3, koma mwaimira pakati pa vesi. Paulo akupitiriza kuti munthu adziyese modziletsa, ndiye kuti moyenera. Sikelo ya m'butchala ikhoza kunama m'njira ziwiri: kuwonjeza kapena kuchepetsa. Wodzikuza wawonjeza, wodzinyoza wachepetsa, onse awiri sikelo yawo ndi yokhota. Gideoni anauza mngelo kuti banja lake ndi losauka mu fuko la Manase, iyeyo n'kukhalanso wamng'ono m'nyumba ya bambo ake. Mulungu sanamuombere m'manja kuti wadzichepetsa bwino, anangomuuza kuti adzakhala naye, n'kumutuma kwa Amidyani. Nkhaniyo ili pa Oweruza 6, mukaiwerenge madzulo ano, ndipo ngati simunakhutire mutilemberenso.

Mayi wa ku Kanyama, Lamlungu likubwerali sunthirani kutsogolo ngakhale mabenchi awiri okha, ndipo mudzatiuze mmene zayendera. Tsopano tipume kaye ndi nyimbo ya kwaya, tikabwerako tiwerenga kalata yochokera ku Chawama.